Chaka cholembedwa pa botolo la vinyo si ekisipaya

Mu Juni 2019 achimwene anga anabwera kudzacheza kuchokera ku South Africa, kumene amagwira ntchito m'minda ya mphesa kufupi ndi tauni ya Paarl. Kwathu ndi kumtunda kuno, mbali ya Bembeke, ndipo Juni wa kuno mukumudziwa: ikamakwana 5 koloko madzulo aliyense wakhala kale pamoto. M'chikwama anatulutsamo mabulangete awiri, nsapato za ana, ndi botolo limodzi la vinyo loti atsibweni alaweko. Atsibweni analitembenuza botolo lija, kulisendeza kumoto kuti aone bwino, maso n'kugwera pa nambala yaikulu ya papepala: 2018.

"Iwe mphwanga, ulendo wonsewu wandinyamulira zoekisipaya?"

Tinaseka mpaka ana anadzuka. Achimwene anati, "Ayi atsibweni, chimenecho ndi chaka chimene tinathyola mphesa zake. Ndipo muchiyang'anitsitse, n'chaka chija ndinkatumiza ndalama zoperewera, inu n'kumati ndayamba kumwa."

Funso la atsibweni silinali lachibwana. Katundu wa pagolosale akalembedwa deti ndiye kuti akutichenjeza. Vinyo yekha ndi amene amaonetsera chaka chake monyadira, ndipo chifukwa chake n'chakuti alibe pobisala. Mayi wofulula masese akaona kuti chimanga cha chaka chino n'chofooka amadziwa pokonza: awonjezera chimera, achepetsa madzi, mowa n'kutuluka monga mwa masiku onse. Vinyo ndi madzi a mphesa basi, ofinyidwa n'kusiyidwa kuti yisiti idye shuga wake. Ku South Africa lamulo sililola n'komwe kuthiramo shuga wa m'paketi kuti ukali ukwere, ndipo kuti munthu alembe chaka pa botolo, mphesa zosachepera 85 peresenti ziyenera kukhala zothyoledwa chaka chimenecho. Choncho zimene dzuwa, mvula, mphepo ndi chisanu zinaika m'kachipatso kaja n'zimene zimalowa m'botolo. Nambala ija ili ngati mmene agogo ankatchulira zaka, chaka cha dzombe, chaka cha njala ya 1949.

Mlimi wa chimanga akafuna kuimvetsa nkhaniyi aiwale kaye kalendala yake. Kuno mvula ndi kutentha zimayendera limodzi, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo nyengo yozizira ndi youma. Ku Western Cape, chigawo cha South Africa kumene kuli Paarl, n'zotembenuza. Mvula yawo imagwa m'miyezi yozizira, Meyi mpaka Ogasiti, mipesa ili mitengo yopanda tsamba ngati yakufa. Imaphukira cha mu Sepitembala, imachita maluwa mu Okutobala ndi Novembala, mphesa zimayamba kusintha mtundu cha kumapeto kwa Disembala ndi mu Januwale, ndipo kuthyola kumayamba kumapeto kwa Januwale mpaka Epulo, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kuli mbee. Ife tikamapempherera mvula ya Febuluwale, iwo amapempherera kuti isagwe. N'chifukwa chake Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi oyamba kukhazikika kumeneko, anatha kufinya vinyo woyamba ku Cape pa 2 Febuluwale 1659, patangopita zaka zochepa chifikireni: anapeza nyengo yofanana ndi ya kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, kumene mpesa unazolowera. Ku France, Italy ndi Spain zonsezi zimachitika chimodzimodzi, kungoti miyezi imasuntha ndi theka la chaka, amathyola cha mu Ogasiti mpaka Okutobala.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri achimwene akufotokoza, ndipo ndikuona kuti nkhani yonse yagona pamenepa, n'chakuti mpesa suiwala. Chimanga chikakanika chaka chino, mumazula mapesi, chaka chamawa mumayambiranso ndi mbewu ina, mlandu watha. Mpesa ndi mtengo wokhala zaka 25, 30 kapena kuposa, ndipo zokolola za chaka chimodzi zimapangidwa m'nyengo ziwiri.

Zimayenda chonchi. Pamene tsamba lililonse lagwirana ndi nthambi pali kadiso, konga diso la mbatatesi kapena la nzimbe. M'miyezi imene mpesa ukuchita maluwa a chaka chino, m'kati mwa timaso timeneti mumakhala mukuumbika kale matsango a chaka chamawa, aang'ono moti simungawaone popanda makina okulitsira zinthu. Ndiye pali chodabwitsa: kanthu kamene kakuumbikako kangathe kusanduka tsango la mphesa, kangathenso kusanduka kachingwe kopotana kaja kamene mpesa umakolera pawaya, konga ka dzungu kapena chipwete. Chimene chimagamula mlanduwu ndi kuwala ndi kutentha. Kadiso kakamawombedwa ndi dzuwa m'masabata amenewo, kamapanga matsango. Kukakhala mitambo, kozizira, kapena masamba achuluka n'kukaphimba, kamapanga tizingwe tambiri, matsango ochepa. Kenako kadisoko kamagona nyengo yonse yozizira, kudzaphukira Sepitembala winayo, mphesa zake kudzathyoledwa Febuluwale wotsatira. Tiwerenge: matsango amene achimwene anadula mu Febuluwale 2018 anawerengedwa kale kumapeto kwa 2016, miyezi 15 kapena kuposa m'mbuyo. Mwini munda amene amatuma anthu kukapatulira masamba mu Novembala sakusamalira mphesa zimene zikulendewerazo zokha, akutsegulira dzuwa zokolola zimene sanazionebe.

Palinso nkhokwe. Mphesa zikathyoledwa, masamba amatsala pamtengo kwa masabata angapo akugwirabe ntchito, ndipo chakudya chimene amapanga nthawi imeneyo chimasungidwa m'thunthu ndi m'mizu. Mphukira za Sepitembala zimatuluka ndi mphamvu ya m'nkhokwe imeneyi, chifukwa pamakhala palibe tsamba loti lizidyetse. Ngati madzi anatha m'damu moti mlimi sanathe kuthirira atakolola, masamba n'kuyoyoka msanga, mpesa umalowa m'nyengo yozizira ndi nkhokwe yatheka. Chaka chotsatira ngakhale mvula igwe bwino chotani, umadzuka wofooka.

Za kuzizira, anthu a kuno sitifunika kuuzidwa zambiri. Mapichesi amabereka ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano, koma tsikani Khwekhwerere mufike ku Golomoti, boma lomweli la Dedza, mupeza mango ndi malambe. Mtengo wothothoka masamba umafuna kugona tulo tokwanira pozizira kuti udzadzuke bwino. Mpesa nawo ndi choncho, ngakhale sufuna kuzizira kochuluka ngati apulo. Nyengo yozizira ikakhala yofunda, maso ake saphukira pamodzi: ena lero, ena patatha masabata awiri, ena osaphukira n'komwe. Vutoli limaoneka laling'ono mu Sepitembala koma limakula pothyola, chifukwa pamzere umodzi mumapeza tsango lakupsa, lina losapsa, ndipo wothyola sangalawe lililonse.

Ukangophukira, mpesa umaopa chisanu. Nthambi youma ya m'nyengo yozizira imapirira kuzizira koopsa, koma mphukira yanthete imapsa kukangofika cha m'ma digiri 2 kunsi kwa ziro. Amene ali ndi dimba kudambo kuno amadziwa mmene zimakhalira: usiku wa Julayi wopanda mtambo, wopanda mphepo, nyenyezi zili ngwee, mpweya wozizira umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha kumunsi, m'mawa nyemba ndi tomato zili bii ngati wazithira madzi owira, pamene za kumtunda pang'ono zili bwinobwino. Ku Paarl zimenezi si kawirikawiri. Ku France ndiye mliri wake. Mu 2021 kumapeto kwa Malichi kunatentha modabwitsa, mipesa inanyengeka n'kuphukira msanga, kenako sabata yoyamba ya Epulo chisanu chinabwera mausiku angapo motsatizana. Alimi a m'chigawo cha Burgundy, monga a ku Chablis, anachezera kuyatsa makandulo a m'zitini m'mizere ya mipesa, ena kupemerera mpweya ndi makina, ena kuwaza madzi usiku wonse. Kuwaza madziku kumamveka ngati misala, koma madzi akamaundana amatulutsa kutentha pang'ono, ndipo mphukira yokutidwa ndi ayezi amene akuundanabe imakhala pa ziro, osatsika kupitirira apo. Ngakhale anayesetsa chotero, kuchuluka kwa vinyo wa dziko la France chaka chimenecho kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi 2020. Mpesa uli ndi kadiso kachiwiri kobisalira kumbuyo kwa koyamba, kamene kamaphukira koyambako kakapsa, koma kamabereka pang'ono. Onani msampha wake: chimene chinapha mphukira ndi chisanu cha Epulo, koma chimene chinaziika pangozi ndi kutentha kwa Malichi.

Maluwa a mpesa simungawazindikire ngati maluwa. Ndi timibulu tobiriwira, topanda maonekedwe, tosadikira njuchi chifukwa duwa lililonse limadzipatsa lokha mungu. Nyengo yake ndi ya sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo masiku amenewa ndi ofanana ndi pamene chimanga chamasula ngayaye n'kutulutsa ndevu. Tonse tikukumbuka ng'amba ya Febuluwale 2024, mmene inapezera chimanga pa msinkhu umenewo n'kutisiyira zitsononkho za njere zowerengeka. Kwa mpesa mdani wa nthawi imeneyi ndi kuzizira, mvula ndi mphepo yamkuntho. Maluwa amayoyoka osagwira, kapena tsango limatuluka la mphesa zina zazikulu, zina ting'onoting'ono topanda njere. Ku Cape kuli mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene anaipatsa dzina loti Cape Doctor. Achimwene amati ikamaomba munthu umayenda chopendekeka. Ikabwera mwamphamvu nthawi ya maluwa imathyola nthambi zanthete n'kuchepetsa zokolola. Koma mphepo yomweyo ndi imene imaumitsa masamba ndi matsango m'miyezi yotsatira, matenda osapeza pogwira. Walira mvula walira matope, ndipo kumeneko wolira mphepo amaliranso nthambi zothyoka.

Pa matenda, mlimi wa kachewere wa ku Dedza ndi mlimi wa mphesa wa ku Bordeaux, ku France, ndi pachibale osadziwana. Chiwawu chimene chimatentha masamba a mbatatesi ndi tomato kukachita mvumbi wa masiku atatu, ndi matenda amene amawononga masamba a mpesa kukakhala chinyezi ndi kafundidwe, zimayambitsidwa ndi tizilombo ta banja limodzi, tokonda tsamba lonyowa. Matenda a mpesawa anafika ku France kuchokera ku America mu 1878. Mu 1882 mphunzitsi wa za zomera wa ku Bordeaux, Alexis Millardet, akuyenda m'dera la Médoc anaona kuti mipesa ya m'mphepete mwa msewu inali ndi masamba, pamene ya m'kati mwa munda inali itayoyoka. Atafunsa anamva kuti ya kumsewuyo ankaiwaza madzi a kopa osakaniza ndi laimu kuti iziwoneka ngati yapoizoni, odutsa asamabe mphesa. Mankhwala oopsezera akuba aja ndi amene anadzakhala Bordeaux mixture, kholo la mankhwala a kopa amene timapopera mpaka lero. Ndiye mukamaberekera sipuleya ya Dithane mu Januwale, mukuthamangitsana ndi mitambo kuti mankhwala aume mvula isanabwere, dziwani kuti chaka cha mvula mlimi wa mphesa amathamanga liwiro lomwelo, ndipo nthawi zina thirakitala imakanika kulowa m'munda chifukwa cha matope pa tsiku lomwe ikufunika kwambiri. Mu 2023 matendawa anasakaza minda ya ku Italy moti dzikolo linapitiriridwa ndi France pa kuchuluka kwa vinyo, ndipo bungwe la OIV, loona za mpesa ndi vinyo padziko lonse, linati vinyo wa padziko lonse wa chaka chimenecho anali wochepa kuposa chaka china chilichonse chiyambire 1961.

Tsopano kupsa, kumene kukoma kwenikweni kumapangidwira. Kwa masabata angapo mphesa imakhala yolimba, yobiriwira, yowawasa kuposa bwemba. Kenako pamabwera masiku amene imafewa, yakuda n'kuyamba kuchita mawanga ofiirira, yoyera n'kuyamba kuwala ngati mukuona m'kati. Kuyambira pamenepo zinthu zitatu zimayenda nthawi imodzi, koma chilichonse ndi liwiro lake.

Shuga amakwera, ndipo amamukweza ndi dzuwa. Shugayu ndi amene adzasanduke ukali wa mowa: magalamu pafupifupi 17 mu lita imodzi ya madzi a mphesa amapereka 1 peresenti. Vinyo wolembedwa 13 peresenti ndiye kuti lita iliyonse inali ndi shuga wa magalamu oposa 200, kungotsala pang'ono kukwana kota ya paketi ya kilogalamu, yense wopangidwa ndi masamba. Kuwawasa kumatsika, ndipo chimakutsitsa ndi kutentha, makamaka kwa usiku, chifukwa mphesa ikafundidwa imadya asidi wake wina popuma. Vinyo wopanda kuwawasa ndi wozizira m'kamwa ngati thobwa losasasa, ndiponso sachedwa kuwonongeka. N'chifukwa chake minda imene imalandira kamphepo ka kunyanja madzulo, kapena ya m'mapiri monga ku Elgin ku Cape komweko, imasiririka: masana dzuwa, usiku kuzizira, shuga akukwera koma asidi osathawa. Chachitatu chili m'khungu la mphesa. Mukafinya mphesa yakuda madzi ake amatuluka oyera. Kufiira kwa vinyo, fungo lake lambiri, ndi kuthetheka kuja kumene kumagwira lilime ngati mwaluma nthochi yosapsa kapena mwamwa tiyi wowiritsa kwambiri, zimachokera m'khungu ndi m'njere, ndipo zimenezi zimakhwima ndi nthawi, sizithamangitsidwa.

Chaka chabwino ndi chimene zitatuzi zafika pamodzi. Chaka chotentha kwambiri shuga amafika msanga khungu lisanakhwime. Mukathyola, vinyo amamveka kusapsa. Mukadikira khungu, shuga amapitirira, asidi watha, vinyo n'kutuluka waukali wotentha pakhosi. Ndipo kutentha kukapitirira madigiri 35, masamba amatseka timabowo tawo topumira kuti asunge madzi, ntchito yopanga shuga n'kuima. Ku Paarl mu Febuluwale kumafika 40 masiku ena. Matsango oyang'ana kudzuwa la masana amapsa khungu n'kufota ngati zoumba. Chaka chozizira ndi cha mitambo vuto limatembenuka: shuga safika, kuwawasa kumakana kutsika, ndipo mlimi amangoyang'ana kumwamba nyengo ikutha. Kumpoto kwa France ndi ku Germany lamulo limalola kuthirako shuga pang'ono zikatero, pamene kumadera otentha monga ku Cape chimene amaloledwa kuwonjezera ndi asidi. Koma kumeneko n'kuphimba chilonda, khungu losakhwima silikonzeka m'thanki.

Madzi ndiye ali ndi nkhani yovuta kuimeza kwa ife a chimanga. Mpesa wa vinyo umafuna ludzu pang'ono. Ukamamwa mokhuta mphesa zikupsa, umalimbikira kutulutsa nthambi ndi masamba, mphesa zimafufuma ndi madzi, kukoma n'kusungunuka. Ukamva ludzu loyenera umasiya kukula n'kuika mphamvu m'zipatso, mphesa zimakhala zazing'ono, khungu lambiri pa madzi ochepa, vinyo wake wamtundu ndi fungo lamphamvu. Alimi amene ali ndi mapaipi odontheza amachita kuumana madzi dala pa nthawi yake. Koma ludzu likapyola malire, mpesa umayoyola masamba, mphesa n'kutsala padzuwa zosapsa.

Apa ndi pamene botolo la atsibweni likulowera. Kuyambira 2015 mpaka 2017 mvula ya m'nyengo yozizira ku Western Cape inagwa yochepa zaka zitatu zotsatizana. Kumayambiriro kwa 2018 damu lalikulu la Theewaterskloof linatsala ndi madzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, anthu a mu Cape Town anauzidwa kuti asapitirire malita 50 patsiku munthu mmodzi, n'kumawerengera tsiku limene mipope idzatsekedwe, lija ankaliti Day Zero. Madzi a ulimi anadulidwa ndi 60 peresenti. Mphesa za vinyo zimene dziko la South Africa linakolola mu 2018 zinali matani pafupifupi 1.2 miliyoni, kutsika ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi 2017. M'nyengo yozizira ya 2018 mvula inabwerako, madamu anakwera, koma zokolola za 2019 zinakhalabe zochepa chimodzimodzi. Mipesa inali ikulipirabe ngongole ya chilala, m'timaso muja ndi m'nkhokwe muja.

Komatu akatswiri olawa vinyo amazitama zaka zoumazi, makamaka 2015 ndi 2017: mphesa zazing'ono, zopanda matenda, vinyo wokoma. Apa ine ndimaona kuti mawu oti "chaka chabwino" tiziyamba tafunsa kuti chabwino kwa yani. Mwini dzina la pabotolo, mphesa zikachepa koma zili zapamwamba, angathe kukweza mtengo. Mlimi wongogulitsa mphesa pa tani kufakitale amangoona matani atsika. Ndipo wothyola, amene nthawi yokolola ndalama yake imadalira makireti amene wadzaza ndi masiku amene wagwira, ndi amene amamva kuwawa koyamba. Achimwene anatambasula dzanja pamoto paja kutisonyeza: tsango limene zaka zina limadzaza chikhatho n'kulendewera, chaka chimenecho linkakwana m'manja n'kufumbatika. Kuwerama komweko, kudula ndi sizasi kambirimbiri, kireti osadzaza. Sizoni inathanso msanga, aganyu ena anauzidwa kuti ntchito yatha masabata asanakwane. Vinyo amene olemba m'magazini ankamuyamikira uja, kuno anafika ngati feteleza woperewera thumba limodzi.

Tsiku lothyola ndi juga. Kukatsala masabata ochepa, wopanga vinyo amayendera mizere m'mamawa, kutola mphesa apa ndi apo, kudontheza madzi ake pa kachipangizo konga tochi n'kusuzumira kuti awerenge shuga. Ku South Africa muyezo wake amautcha Balling, ndipo mphesa zambiri za vinyo wofiira zimathyoledwa zikafika cha pa 23 mpaka 25. Amatafunanso khungu, kulavulira njere m'manja kuti aone ngati zasanduka zofiirira. Kwinaku diso lili pa foni, kuona zanyengo. Masiku otentha anthu amalowa m'munda kusanache, ena ndi matochi a pamutu, kuti mphesa zifike kufakitale zisanafunde, chifukwa zofunda zimayamba kuwira zokha m'njira. Choopsa kwambiri ndi mvula. Mphesa yakupsa ikamwa madzi mwadzidzidzi imang'ambika ngati tomato wa m'dzinja, ndipo pong'ambikapo chuku chimalowa, tsango lonse n'kuwola m'masiku owerengeka. Mu Malichi 2023, mwezi umene Namondwe Freddy anatigwetsera mapiri kum'mwera kwa dziko lathu, ku Cape kunagwanso mvula yawo yambiri, yosakhudzana ndi namondweyo, mitundu yochedwa kupsa idakali m'munda. Amene anali ndi Chardonnay kapena Pinotage, mtundu umene Abraham Perold anaupanga ku Stellenbosch mu 1925, ambiri anali atathyola kale. A Cabernet Sauvignon, imene imapsa kumapeto, ndi amene anagwira njakata. N'chifukwa chake munda umodzi umabzalidwa mitundu ingapo, monga mmene ife timagawira munda wa chimanga, uku Kanyani wocha msanga, uku Njovu wochedwa, kuti nyengo ikaphonya kumodzi isaphonye konse.

Chuku chomwecho, pena pake, ndi chuma. Ku Sauternes, kum'mwera kwa Bordeaux, kamtsinje kozizira ka Ciron kamathira mu mtsinje wa Garonne, ndipo m'miyezi yokolola m'mawa kumachita nkhungu, masana dzuwa. Nkhunguyo imabweretsa chuku, chukucho chimaboola khungu timabowo, dzuwa n'kuumitsa madzi, shuga n'kutsala wokhathamira. Mphesa zooneka zoola zimenezo zimapereka vinyo wotsekemera wodula kwambiri. Koma masana akapanda kuuma, kuwola kumakhala kuwola basi. Mu 2012 eni munda wotchuka wa Château d'Yquem sanatulutse n'komwe vinyo wawo wamkulu, anaona kuti chaka sichinafike pa dzina lawo.

Matalala sindinenapo zambiri, amene anaonapo fodya kapena kabichi atakhadzulidwa m'mphindi khumi akudziwa. Utsi ndiye wachilendo. Moto wa m'tchire ukayaka pafupi mphesa zikupsa, fungo la utsi limalowa m'khungu n'kumangirirana ndi shuga, osamveka mukalawa mphesayo, n'kudzatulukira vinyo atawira, akumveka ngati phulusa. Moto wa ku Australia wa 2019 mpaka 2020 unachititsa alimi ena a ku Hunter Valley kusiya mphesa zawo osathyola, minda isanapse n'komwe.

Chifukwa choti tsiku lothyola limatsatira kutentha kwa chaka, mabuku akale a minda ya mphesa asanduka mboni ya nyengo. Ku Beaune, m'chigawo cha Burgundy, masiku oyamba kuthyola akudziwika kuyambira 1354. Ofufuza amene anawasonkhanitsa n'kufalitsa zotsatira mu 2019 anapeza kuti kuyambira 1988 kuthyola kwakhala kukuyamba msanga ndi masiku 13, tikatengera pakatikati, poyerekeza ndi zaka mazana asanu ndi limodzi za m'mbuyo. Masiku 13 akuoneka ochepa, koma amatanthauza kuti mphesa zikupsera m'kati mwa kutentha kwa Ogasiti m'malo mwa kuzizirira kwa Sepitembala, ndiponso kuti mipesa ikuphukira msanga, chisanu cha Epulo chisanatsanzike.

Atsibweni anamvetsera zonsezi, kapu ili m'manja, kenako anafunsa chimene aliyense wa kuno angafunse: nanga poti kuzizira tili nako, mapiri tili nawo, bwanji osalima konkuno? Kuseri kwa khitchini yawo kuli mpesa umodzi umene anapatsidwa ndi mnzawo wa kutchalitchi, wayanga pa mtengo wa pichesi. Umaphukira bwino mu Sepitembala, umachita matsango, koma mphesa zake zimafika popsa mu Januwale ndi Febuluwale, m'kati mwenimweni mwa mvula. Zina zimang'ambika, zina zimachita chuku, zotsala ndi zowawasa ndipo amamaliza ndi apumbwa. Vuto si dothi kapena kutalika kwa malo, Dedza ali pa mamita pafupifupi 1,600 ndipo usiku wake ndi umene alimi a mphesa amaulakalaka. Vuto n'lakuti mvula yathu imabwera pa nthawi imene mpesa ukufuna ludzu.

Madera ena otentha anapeza njira yozembera, ndipo njirayo ndi sizasi. Mpesa umayamba kuwerenga masiku ake kuchokera pamene waduliridwa, ndiye kumene kulibe chisanu choopsa mlimi angathe kusuntha kalendala. Ku Dodoma, m'dziko la Tanzania, kumene mvula ndi yochepa, amakolola kawiri pachaka, cha mu Malichi ndi cha mu Ogasiti kapena Sepitembala, ndipo mphesa za m'chilimwe ndi zimene zimakhala ndi shuga wambiri. Ku Nashik, m'dziko la India, amadulira mu Epulo n'kudzaduliranso mu Okutobala kuti mphesa zipse mvula yawo itatha. Kumapiri a Minas Gerais ku Brazil, kumene mvula imagwa miyezi yofanana ndi yathu, amadulira cha mu Ogasiti, kuchotsa matsango amene atuluke, n'kuduliranso cha mu Januwale, kuti mphesa zidzapse mu Julayi ndi Ogasiti, masana dzuwa, usiku kuzizira, mvula kulibe. Kuipa kwake n'kwakuti masamba anthete ndi maluwa zimakumana ndi mvula ya Febuluwale ndi Malichi, ndiye sipuleya siichoka kumsana.

Achimwene atabweranso chaka chatha anauyendera mpesa wa kuseri kwa khitchini uja, kuwerenga maso pa nthambi iliyonse ndi chala, n'kunena kuti tiyese za ku Brazil. Atsibweni anakana kaye. Kudula mtengo uli ndi masamba obiriwira, m'mwezi umene anthu ali pa kubandira, anati n'kuchita chipongwe ndi chakudya. Anakambirana mpaka anagwirizana pakati: nthambi za mbali ya kukhoma, kumene kumafunda usiku chifukwa cha moto wa m'khitchini, zidzadulidwa kumapeto kwa Januwale, kusiya maso awiri kapena atatu pa nthambi. Za mbali ya pichesi azisiya mmene zakhalira, apumbwa asasowe chawo. Sizasi anasiyira ine, pamodzi ndi malangizo oti chiperoni chikadzayamba mu Juni ndizidzayang'ana matsango m'mawa uliwonse ngati agwira chuku, ndipo usiku wopanda mitambo ndizidzawafunditsa chiguduli.